Miyala Yoluma ya Febby

Febby anali kamtsikana ka ku Kacholola. Anali kukonda chiyato. Anali kuchikonda kuposa nthochi. Chikhalilecho nthochi za ku Kacholola ndi zotsekemela!

Chiyato ndi masewela a miyala. Umakumba kadzenje. Umathilamo timiyala. Umaponya mwala umodzi m'mwamba. Usanagwe, umakokela timiyala kunja. Kenako umauwakha. Ukaugwetsa, mnzako ndiye asewela.

Koma Febby anali ndi vuto. Analibe miyala yosalala.

Miyala yosalala inali ya mnzake Rita. Atate ake a Rita anaitola ku mtsinje wa Luangwa. Tsopano Rita anasamukila ku Petauke. Miyala inapita naye.

Febby anatola miyala ya kumunda. Ina yoyela. Ina yakuda. Yonse yakuthwa.

Mnzake Keziah anabwela kudzasewela. Anakhala pansi. Anaponya. Anawakha.

"Mayo ine!" analila Keziah.

Pa chala panatuluka timagazi.

"Miyala yako iluma," anatelo Keziah. "Iluma ngati linthumbu."

"Tiyeseko kamodzi chabe," anatelo Febby.

"Iyai. Chala changa ndichifuna."

Keziah anapita kwawo. Kwawo kunali kutsidya kwa msewu waukulu. Mumsewuwo mumathamanga malole. Amai sanali kulola Febby kuwoloka yekha.

Keziah sanabwelenso. Kadzenje kanadzala masamba. Febby anali kukhala yekha pansi pa mango.

Tsiku lina kunabwela amalume Lazarous. Iwo ndi alongo awo a amai. Amalima ku Sasare. Amakonda kuseka. Amakondanso thobwa la amai.

Anamwa kapu imodzi. Anamwa ina. Kenako anaona Febby ali ndwii.

"Iwe Febby, nkhope yakwinyika bwanji?"

"Miyala yanga iluma, amalume. Keziah wandithawa."

Amalume anatulutsa foni. "Bwela uone."

Febby anaona kachitini pafoni. Kanali kuzungulila. Mkati munali miyala. Munali mchenga. Munali madzi. Kanazungulila masiku ambili. Miyala inatuluka yosalala. Inatuluka yowala.

"Anthu ena amachita zimenezi pongosangalala," anatelo amalume. "Mtsinje nawo umatelo. Umagubuduza miyala mumchenga."

"Ndifuna makina amenewo!"

"Amafuna malaiti, mwana iwe."

Kunyumba kwa Febby kunalibe malaiti. Kunali kasola kotchajila foni chabe.

Amalume anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa mwala wofiila.

"Tenga. Ndi wa ku Sasare. Koma nawonso uluma."

Febby anaulandila ndi manja awili. Anayamba kuganiza. Nchiyani chimazungulila pamudzi pano?

Anapita ku pampu ya madzi. Pampu imakwela. Pampu imatsika. Pampu sizungulila.

Anapita ku chigayo. Chigayo chimazungulila. Koma chimagaya zonse. Febby sanafune ufa wa miyala.

Anapita pa njinga ya atate. Wilo la njinga limazungulila.

"Pamenepo iyai," anatelo atate. "Uthyola masipoko."

Febby anakhala pa chitsa. Anagwila tsaya.

M'mawa atate anamanga ng'ombe zawo, Bulaki ndi Maluwa, pa ngolo. Inali nthawi yokolola. Bulaki anakoka. Maluwa anakoka. Ngolo inasuntha.

Febby anayang'ana wilo la ngolo. Linali kuzungulila. Silinali kufulumila. Linali kuzungulila pang'onopang'ono, ngati kachitini kaja.

Febby anathamangila kwa amai.

"Amai, ndipempha chigubu."

"Cha chiyani?"

"Cha miyala."

"Miyala sidyedwa," anatelo amai. "Madzi watunga?"

"Sindinatunge."

"Yamba watunga. Ukatha, utenge chigubu chakale cha thobwa. Chija cha chivindikilo chachikasu."

Febby anatunga madzi. Anatenga chigubu. Anathilamo miyala yoyela. Anathilamo miyala yakuda. Anathilamo mwala wofiila wa ku Sasare.

Anapita ku kamtsinje kouma. Anatapa mchenga wokhakhala. Anauthila m'chigubu. Anathilamo madzi. Anatseka zolimba.

Madzulo atate anabwela ndi ngolo.

"Atate, ndimangileni ichi pa wilo."

Atate anayang'ana chigubu. Anayang'ana Febby. Anakanda mutu.

"Ngolo yanga yasanduka makina?"

"Inde, atate. Koma mumange zolimba."

Atate anatenga malegeni, mphila zija zomangila katundu. Anakoka. Anakulunga. Anamanga mfundo. Chigubu chinakhala pakati pa wilo, nganganga.

M'mawa ngolo inanyamuka. Wilo linazungulila. Chigubu chinazungulila.

Khocho! Khocho! Khocho!

Bulaki anaimika makutu. Maluwa anacheuka. Febby anaomba m'manja.

Madzulo ngolo inabwela ndi chimanga. Febby sanadikile. Anatsegula chigubu. Anapisamo dzanja.

"Mayo!"

Miyala inali kulumabe.

"Sizigwila ntchito, atate."

Atate anaseka. "Kodi nthochi imapsa tsiku lomwe waidula?"

"Iyai. Amai amaivundika."

"Nawenso vundika miyala yako."

Febby anatseka chigubu. Sanapisemonso dzanja.

Ngolo inapita kumunda. Ngolo inabwela kumudzi. Inapita. Inabwela. Chimanga chinali chambili.

Khocho! Khocho! Khocho!

Anthu a m'njila anali kuseka.

"A Daka, ngolo yanu ili ndi chifuwa?"

"Ili pa ntchito ya abwana," anali kuyankha atate. "Abwana ake ndi Febby."

Madzulo alionse Febby anali kuona malegeni. Akamasuka, anali kuitana atate. Madzi akachepa, anali kuonjezela. Anali kuika khutu pa chigubu. Anali kumvetsela.

Chimanga chinatha. Nkhokwe inadzala. Anayamba kututa nshawa, mtedza uja.

Tsiku lina Febby anamva zachilendo. Chigubu sichinalinso kunena kuti khocho. Chinali kunena kuti shwa, shwa, shwa.

"Atate, miyala yaleka kukangana!"

Tsiku limenelo Febby anakwela nawo ngolo. Dzuwa linali kuswa mtengo. M'njila anakumana ndi amalume Lazarous. Anali kuyenda pansi. Thukuta linali kamukamu.

"Alamu, imani!" anakuwa amalume. "Ndafa ndi ludzu!"

Atate anaimika ngolo pamthunzi. Anapita kukakonza goli la ng'ombe. Febby anapita kukakanda Maluwa pakhosi.

Amalume anatsala okha kumbuyo. Anaona chivindikilo chachikasu.

"Chigubu ichi ndichidziwa," anatelo. "Ndi cha thobwa la mlongo wanga!"

Anamasula malegeni. Anatsegula. Mkati munali zamadzimadzi zotuwa. Zinali ngati thobwa ndithu.

"Alamu, muli ndi nzelu! Thobwa lodzivundula lokha!"

"Amalume, musamwe!" anakuwa Febby.

Koma anachedwa. Amalume anali atakweza kale chigubu.

"Pthu! Pthu! Pthu!"

Analavula matope. Anataya chigubu uko. Miyala inamwazika mumsewu wafumbi. Inasakanikilana ndi miyala ya mumsewu.

Atate anaseka mpaka kugwila goli.

"Alamu, lakoma thobwa?"

"Lili ndi mchenga!" anatelo amalume. Mano awo anali kulila tsekete, tsekete.

Febby sanaseke. Misozi inalengeza m'maso.

"Amalume, amenewo anali makina aja. Aja munandionetsa pafoni."

Amalume anagwila pakamwa.

"Mayo! Ndamwa makina a mwana. Pepa, Febby. Pepa ndithu."

Miyala inali itavala fumbi. Yonse inali kufanana. Ya Febby inali iti?

Febby anapukuta misozi. Anagwada mumsewu. Anatola mwala umodzi. Anaufinya m'dzanja.

"Uwu uluma. Si wanga."

Anatola wina.

"Uwu uluma. Si wanga."

Anatolanso wina. Anaufinya. Anaufinyanso. Maso ake anakula.

"Uwu suluma! Atate, suluma! Ndi wanga!"

Atate anagwada. Amalume anagwada. Onse anali kutola ndi kufinya.

"Uluma," anatelo atate.

"Suluma," anatelo amalume.

"Uluma."

"Suluma."

Miyala inabwelela m'chigubu. Yoyela inabwelela. Yakuda inabwelela. Koma wofiila sunaoneke.

Anafuna m'udzu. Anafuna pansi pa ngolo. Anafuna pa mapazi a Bulaki. Kunalibe.

Febby anaganiza. Anatenga botolo la madzi la atate. Anawaza madzi mumsewu. Anawaza apa. Anawaza apo. Fumbi linatsukika.

Apo! Kamwala kanati psuu!

"Ndaupeza!"

Amalume anapuma mpweya wautali. "Manje ndipatseniko madzi enieni," anatelo.

Kunyumba Febby anatsuka miyala. Ili yonyowa, inali kuwala. Anaiyanika padzuwa. Itauma, inati mbuu. Inali ndi timizele tambili. Mukaigwila bwino, inali kukhakhalabe pang'ono.

"Keziah adzati ikanda," anatelo Febby.

"Ufulumile," anatelo atate. "Nshawa zili pafupi kutha. Kwatsala thonje. Likatha thonje, ng'ombe zipuma. Ngolo iima."

Febby anada nkhawa. Ngolo ikaima, chigubu chiima. Chigubu chikaima, Keziah sabwela.

Anakakhala pafupi ndi thandala. Amai anali kutsuka mapoto. Febby anali kungoyang'ana.

Amai anatapa mchenga wokhakhala. Anakwecha poto. Kwe, kwe, kwe. Anatsukuluza.

Anatapa mchenga wofewa. Anakwechanso. Anatsukuluza.

Kenako anatapa phulusa. Anapukuta, anapukuta. Poto inati waliwali.

"Amai, bwanji musintha mchenga?"

"Wokhakhala uchotsa mwaye," anatelo amai. "Koma usiya mizele. Wofewa ufafaniza mizele."

"Nanga phulusa?"

"Phulusa liwalitsa. Ndipatse mbale iyo."

Febby anapeleka mbale. Anayang'ana poto. Anayang'ana miyala yake. Anayang'ananso poto.

Analumpha!

"Amai! Miyala yanga ili ngati poto! Ifuna mchenga wofewa!"

Amai anaima kaye. Anayang'ana mwana wawo.

"Ngati ndi telo, tsuka chigubu bwinobwino," anatelo. "Mchenga wokhakhala usatsalemo. Kamchenga kakatsala kamodzi, kakanda zonse."

Febby anatsuka chigubu. Anatsuka chivindikilo. Anatsuka mwala uliwonse. Anabwelela ku kamtsinje kouma. Anafuna mchenga wofewa ngati ufa. Anausefa ndi kansalu.

Atate anamanganso malegeni.

Shwa, shwa, shwa.

Ngolo inapita. Ngolo inabwela. Nshawa zinatha.

Febby anatsegula. Anatsuka. Anayanika. Timizele tinali titatha. Koma miyala inali mbuu.

"Manje phulusa," anatelo Febby.

Anapala phulusa loyela pa moto wozima. Analisefa. Analithila m'chigubu. Anathilamo madzi. Anathilamonso tizidutswa ta nsalu, kuti miyala isagundane kwambili.

Anayamba kututa thonje. Chigubu chinali kunong'ona chabe. Shii, shii, shii.

Anthu a m'njila anafunsa, "A Daka, chifuwa cha ngolo chapola?"

"Chapola," anatelo atate. "Abwana aipatsa mankhwala."

Thonje linachepa m'munda. Linachepa. Linatha.

Atate anamasula ng'ombe. Anamasula malegeni. Anapatsa Febby chigubu.

"Ngolo yamaliza ntchito yake," anatelo.

Febby anatsegula pang'onopang'ono. Anakhuthulila m'beseni. Anatsuka. Anayanika pa chitenje chakale.

Anadikila kuti iume. Sanachoke pamenepo. Nkhuku inabwela kudzaona. Febby anaiingitsa.

Miyala inauma. Febby anatola umodzi. Unali see, ngati dzila. Anauika patsaya. Unali kuzizila bwino. Sunalume. Sunakande. Unali kuwala pang'ono.

Amai anabwela ndi kabotolo ka mafuta odzola. Anatapa pang'ono ndi chala.

"Pang'ono chabe," anatelo. "Mafuta ndi a miyendo yako. Pukuta ndi chitenje."

Febby anapukuta. Anapukuta. Anapukuta.

Yoyela inawala ngati mkaka. Yakuda inawala ngati diso la Bulaki. Wofiila unawala kuposa yonse.

M'mawa amai anasenza beseni la nthochi. Anali kupita kukagulitsa kumsewu. Amai ake a Keziah amagulitsanso komweko.

Febby anathamanga. Anaika mwala wofiila m'dzanja la amai.

"Mukapatse Keziah. Mukamuuze kuti suluma."

Amai anaumanga pa nsonga ya chitenje. Anapita.

Febby anasesa pansi pa mango. Anachotsa masamba m'kadzenje. Anathilamo miyala. Anakhala pansi.

Anadikila. Dzuwa linafika pamutu. Keziah sanabwele.

Anadikila. Mthunzi wa mango unatalika. Keziah sanabwele.

Kenako anaona amai m'njila. Beseni linali lopanda kanthu. Kumbuyo kwa amai kunali miyendo ina iwili. Inali yaing'ono.

"Keziah!"

Keziah anali atafumbata dzanja. Analitambasula. Mwala wofiila unati psuu.

"Unaugula kuti?" anafunsa Keziah.

"Sindinagule. Ndi miyala ija inakuluma."

"Bodza!"

"Zoona. Inakwela ngolo mpaka inaleka kuluma."

Keziah anagwada pa kadzenje. Anagwila mwala woyela. Anagwila wakuda. Anaifinya zolimba. Anayang'ana chala chake. Panalibe kanthu.

"Ndiyamba ndine!" anatelo Keziah.

Anaponya. Anakoka. Anawakha. Anaponya. Anabweza. Anagwetsa.

Febby anaponya. Anakoka. Anawakha. Anaponya. Nayenso anagwetsa. Onse anaseka.

Amai anali ataima pambali. Anali kuonelela. Zala zawo zinali kugwedezeka zokha.

"Inu simudziwa kusewela," anatelo amai. "Sendelani uko."

Anatula beseni. Anakonza chitenje. Anakhala pansi, miyendo tambalale.

Anaponya m'mwamba kwambili. Anakoka. Anawakha. Anaponya. Anabweza. Anawakha. Dzanja linali kuthamanga ngati mphepo. Sanagwetse ngakhale kamodzi.

Febby anayasama pakamwa. Keziah anayasama pakamwa.

Atate anatulukila kuchokela ku khola. Amalume Lazarous anali nawo. Anali ndi kapu ya thobwa m'manja. Anali kusuzumilamo kaye asanamwe.

"Mulibe miyala umu?" anafunsa amalume.

"Imwani chabe, alamu," anatelo atate. Kenako anaona amai pansi. "Amake Febby! Si paja munati miyala sidyedwa?"

"Khalani chete," anatelo amai, maso ali m'mwamba. "Mundisokoneza."

Onse anaseka. Amai nawo anaseka. Mwala unagwa, phi!

"Mwagwetsa, amai!" anakuwa Febby. "Manje ndi ife!"

Anasewela mpaka nkhuku zinayamba kulowa.

Amai anaimilila. Anasansa fumbi.

"Keziah, tiye ndikuwolotse msewu."

Keziah anatola mwala wofiila. Anauyang'ana. Unali wake tsopano. Anaupukuta ndi dilesi.

Kenako anagwada. Anaubweza m'kadzenje, pamodzi ndi inzake.

"Suutenga?" anafunsa Febby.

"Iyai," anatelo Keziah. "Ugone kuno. Ndidzaupeza mailo m'mawa."